Kodi Kukonzekera Tsiku la Kubala Ndiko Kusoŵa Chikhulupiriro?

MNGELO Gabrieli atauza Mariya kuti mbale wake Elisabeti anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi umodzi, namwaliyo sanazengereze. Anachoka ku Nazarete nafulumira kumka kumapiri a Yudeya, ulendo wa makilomita oposa 100, ndipo anakhala m'nyumba ya Zakariya pafupifupi miyezi itatu. (Luka 1:36, 39, 40, 56) Woŵerenga amene aphatikiza miyezi imeneyo adzaona kuti Mariya anali komweko m'nyengo yomalizira ya pakatipo. Elisabeti anali wokalamba, mwanayo anali wake woyamba, ndipo mwamuna wake panthaŵiyo sanali kukhoza kulankhula. Nkovuta kulingalira Mariya atangokhala chete pamene mwininyumba wotopayo anali kupera tirigu ndi kutunga madzi. Pakati pamenepo panalengezedwa ndi mngelo, komabe mkaziyo anafunikirabe manja a munthu mnzake.

Nkhaniyi imakhudza mabanja achikristu lerolino. M'madera ambiri a kummwera ndi pakati pa Afirika, pakati si nkhani yokambidwa poyera. Ena amaopa kuti kugula zovala za khanda lisanabadwe kumaitana tsoka, kapena kuti munthu wanjiru akadziŵa mwezi wobalira angathe “kumanga” mimbayo. Enanso, ndi mawu omveka ngati achikhulupiriro, amangoti zonse adziŵa ndi Mulungu, ndipo samasunga ndalama kapena kulingalira za mmene mkaziyo adzafikira kuchipatala. Kodi munthu wokonzekera amakhaladi akukayikira Mlengi wake?

Katundu wa Miyezi Yomalizira

Pakati pamatenga pafupifupi milungu 40. Pamlungu wa 28 mwana amalemera pafupifupi kilogalamu imodzi, koma pobadwa kaŵirikaŵiri amakhala atafika makilogalamu atatu kapena kuposapo. Mwazi wa mayiyo nawo umawonjezeka ndi pafupifupi theka, ndipo mtima wake umagwira ntchito yokulirapo usana ndi usiku. Nchifukwa chake msana umaŵaŵa, mapazi amatupa pofika madzulo, chilungulira chimavuta pambuyo pa chakudya, ndipo kamtunda kamene kale anali kukwera akucheza tsopano kamampumitsa ŵefuŵefu. Tulo namonso timasoŵa, makamaka popeza kuti anamwino amalangiza kugona chammbali, osati chagada, m'milungu imeneyi. Komatu chitsime sichisendera pafupi, nkhuni sizidzitola zokha, ndipo udzu m'munda sudikira kuti mwana abadwe.

Kodi Mulungu amawaona motani awo osenza katundu wotere? Mneneri Yesaya anamyerekezera ndi mbusa amene amanyamula ana a nkhosa pachifuwa nayendetsa amawo pang'onopang'ono. (Yesaya 40:11) Yakobo, mbusa wozoloŵera, anakana kuyendera liŵiro la Esau ndi amuna ake, akumafotokoza kuti zoŵeta zoyamwitsa zikathamangitsidwa tsiku limodzi lokha zingafe. (Genesis 33:13, 14) Alimi ambiri amadziŵa zimenezi popanda wowauza. Palibe amene amamanga pagoli ng'ombe yotsala pang'ono kuswa. Chotero nzachilendo kuti mwamuna mmodzimodziyo angayang'ane mkazi wake wa pakati pa miyezi isanu ndi itatu akusenza ndowa ya malita 20, imene ili makilogalamu 20 pamutu, popanda kuvutika mumtima.

Kuona Ngozi Idakali Patali

Baibulo silimabisa kuti kubala kuli ndi ngozi. Rakele anayamba kumva zoŵaŵa ali paulendo wochokera ku Beteli, patatsala mtunda kuti afike ku Efrata. Mzamba analipo, ndipo mwanayo, Benjamini, anakhala ndi moyo, koma amake anamwalira naikidwa m'mbali mwa njira. (Genesis 35:16-20) Iye anali mkazi wokondedwa wa munthu amene Mulungu anali atangomdalitsa kumene. Ngati banja la Yakobo silinatchinjirizidwe mozizwitsa ku tsoka lotero, kodi pali banja lililonse lerolino limene lingadzinenere kukhala lotchinjirizidwa?—Mlaliki 9:11.

Bungwe la World Health Organization linayerekezera kuti m'chaka cha 2023 akazi pafupifupi 260,000 anamwalira ali ndi pakati, pobala, kapena atangobala, ndipo pafupifupi 70 mwa 100 alionse a iwo anali a mu Afirika kummwera kwa Sahara. Zochititsa zazikulu nzodziŵika bwino: kutaya mwazi kwambiri, kuthamanga kwa mwazi, ndi matenda oloŵa m'thupi pobala. Zochuluka za imfa zimenezi zikanapeŵeka. Mu 1994 ofufuza aŵiri, Sereen Thaddeus ndi Deborah Maine, anasonyeza kuti chimene kaŵirikaŵiri chimasandutsa vuto lochiritsika kukhala maliro ndicho kuchedwa kwa mitundu itatu: kuchedwa kugamula kuti mkaziyo apite kuchipatala, kuchedwa panjira, ndi kuchedwa kuthandizidwa atafika. Kuchedwa kwachitatuko banja silingakulamulire, ndipo nzachisoni kuti ena amafika panthaŵi yake napeza chipatala chilibe zofunika. Koma kuŵiri koyambako kumayambira pakhomo.

Pamenepa mpamene funso la chikhulupiriro liyenera kuyankhidwa. Pamene Yesu anachenjeza ophunzira ake za nkhaŵa ya mawa, anali kuletsa mantha ofooketsa mtima, osati kulinganiza zinthu pasadakhale. (Mateyu 6:25-34) Iye mwiniyo anatchula munthu wofuna kumanga nsanja amene amayamba wakhala pansi ndi kuŵerengera mtengo wake. (Luka 14:28-30) Buku la Miyambo limatcha wochenjera munthu amene amaona tsoka likudza nadzitchinjiriza, ndipo limati amene amangopitirira ndiye amavulala. (Miyambo 22:3) Ndiponso pamene Mdyerekezi anauza Yesu kudziponya pansi kuchokera pamwamba pa kachisi, akumagwira mawu lonjezo la chitetezo cha angelo, Yesu anakutcha kumeneko kuyesa Mulungu. (Mateyu 4:5-7) Banja limene lili ndi mpata wa kukonzekera koma nkusankha kusatero, likumayembekezera kuti Mulungu adzatseka mipata yonse, lili pafupi kwambiri ndi chiyeso chimenecho kuposa ndi chikhulupiriro.

Mariya mwiniyo, atakakamizika ndi lamulo la Kaisara Augusto kukabalira ku Betelehemu, anasoŵa malo m'nyumba ya alendo, koma sanasoŵe nsalu zokulungira mwana wake. (Luka 2:1-7) Ezekieli 16:4 amasonyeza zimene zinali kuchitidwa kwa khanda mu Israyeli: kudula mchombo, kulisambitsa, kulipaka mchere, ndi kulikulunga. Khanda limene silinachitiridwe zimenezi mneneriyo analigwiritsira ntchito monga chithunzi cha wotayidwa. Palibe paliponse pamene Malemba amagwirizanitsa kukonzeratu nsalu ndi tsoka.

Kodi kukonzekera kumaphatikizapo chiyani lerolino? Choyamba ndicho sikelo. Chiyambire 2016 World Health Organization yalangiza kuti mkazi wapakati aonedwe ndi azaumoyo nthaŵi zosachepera zisanu ndi zitatu, ndipo zisanu za zimenezo nzoyambira pamlungu wa 30. Mkazi amene akumva bwino angaone maulendowo kukhala kutaya nthaŵi. Komabe kuthamanga kwa mwazi kungakwere popanda iye kumva kanthu, ndipo mwana angakhale atagona chopingasa popanda aliyense pakhomo kudziŵa. Kusikelo nkumenenso amalandira mankhwala owonjezera mwazi, otetezera malungo kumene malungo ali ofala, ndiponso, kwa amene apezeka ndi HIV, mankhwala amene amatchinjiriza kwambiri mwanayo.

Tsiku lolembedwa m'kabuku ka kusikelo nlongoyerekezera. Pafupifupi mwana mmodzi yekha mwa 20 ndiye amabadwa patsikulo, ndipo kuyambira pamlungu wa 37 matenda angayambe tsiku lililonse. Chotero zitenje zochapa, beseni, sopo, ndi zina zimene chipatala cha kumaloko chimafuna ziyenera kukhala zitamangidwa kale mwezi wachisanu ndi chitatu usanathe. Mwini galimoto, njinga yamoto, kapena ngolo ayenera kukhala atalankhulidwa, mtengo utamvanidwa, ndipo ndalamazo zitaikidwa padera. Kumene mtsinje umadzaza m'dzinja kapena chipatala chili kutali, nkwanzeru kuti mkaziyo apite msanga kunyumba zodikirira zimene zili pazipatala zambiri za ku Malaŵi, Zambia, Zimbabwe, ndi Mozambique.

Thayo la Mutu wa Banja

Mtumwi Petro anauza amuna kukhala ndi akazi awo mwachidziŵitso ndi kuwachitira ulemu, nawonjezera kuti kulephera kutero kungatsekereze mapemphero awo. (1 Petro 3:7) Chidziŵitso chimenecho sichingapezedwe ndi mwamuna amene amaona pakati monga nkhani ya akazi okhaokha. Iye ayenera kudziŵa, mofanana ndi mkazi wake, zizindikiro zimene sizimalola kudikira kuti kuche: kutaya mwazi, mutu woŵaŵa kwambiri limodzi ndi kusaona bwino, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kusweka kwa nsupa matenda asanayambe, ndi kuleka kugunda kwa mwana m'mimba. Kutaya mwazi kwakukulu kungaphe mkazi wathanzi m'maola oŵerengeka chabe.

Pali mfundo ina imene mabanja ambiri amaiiŵala. Amuna ochuluka amagwira ntchito kutali, ku Johannesburg, kumigodi, kapena m'maesiteti. Ngati mkazi ayenera kuyamba wamva mawu a mwamuna wake, a apongozi, kapena a malume ake asananyamuke, usiku wonse ungathe akufunafuna munthu amene foni yake siikupezeka. Mwamuna wanzeru amapereka chilolezo chimenecho pasadakhale, pamaso pa achibale a mbali zonse ziŵiri, kotero kuti aliyense adziŵe kuti chizindikiro chikangooneka ulendo uyambike. Umutu umene Paulo anaufotokoza ngwa munthu wosamalira mkazi wake monga thupi la iye mwini. (Aefeso 5:28, 29) Suli ulamuliro umene umaika moyo pachiswe kuti ulemu wa mwamunayo usungike.

Ndiyeno pali ntchito za tsiku ndi tsiku. Anzake angaseke mwamuna amene atunga madzi kapena kutsuka mbale. Koma Mbuye wa Akristu anamanga nsalu m'chuuno nasambitsa mapazi a ophunzira ake, ntchito ya kapolo.—Yohane 13:4, 5, 14.

Pamene Matenda Atenga Nthaŵi Yaitali

M'mafuko angapo a chigawo chino muli chikhulupiriro chakuti mkazi akavutika kubala, ndiye kuti iye kapena mwamuna wake anachita chigololo. Chotero m'malo mofunafuna galimoto, akuluakulu amamzinga mkaziyo ali m'zoŵaŵa, akumamkakamiza kutchula maina kuti mwana atuluke. Nkovuta kupeza nkhanza yoposa imeneyi yochitidwa ndi anthu amene amamkondadi munthuyo. Chigololo ndi tchimo lalikulu, koma sindicho chimatseka njira ya mwana. Kaŵirikaŵiri chochititsa nchakuti mutu wa mwanayo ngwaukulu poyerekezera ndi mafupa a m'chuuno mwa amake, makamaka ngati ali mtsikana wosakhwima, kapena kuti mwanayo sanagone bwino. Kuulula kulikonse sikungasinthe mafupa. Maola otayidwa pofunsa mlandu angachititse chibaliro kung'ambika, mwana kufa, kapena mayiyo kutsala ndi chilema cha kutayikira mkodzo kosalekeza. Opaleshoni yochitidwa panthaŵi yake imapeŵetsa zimenezi, ndipo siili chamanyazi.

Ophunzira a Yesu anali ndi kalingaliridwe kofananako pamene anaona munthu wobadwa wakhungu nafunsa kuti anachimwa ndani. Yesu anakana kuti kunali kuchimwa kwa munthuyo kapena kwa makolo ake. (Yohane 9:1-3) Mabwenzi atatu a Yobu, amene anaumirira kuti mavuto ake anali umboni wa tchimo lobisika, anadzudzulidwa ndi Mulungu mwiniyo.—Yobu 42:7.

Mankhwala a zitsamba ofulumiza kubala, onga amene ku Malaŵi amatchedwa mwanamphepo, ali ndi ngozi yawoyawo. Palibe amene amadziŵa mphamvu ya mlingo woperekedwawo, ndipo ngati njira njotsekeka, kukankha chibaliro mwamphamvu kungaching'ambe. Mkazi amene wamwetsedwa ayenera kuuza namwino mosabisa.

Zimenezi sizikutanthauza kuti uphungu wa akazi achikulire ngwopanda pake. Paulo anawapatsa thayo la kuphunzitsa akazi aang'ono zinthu zabwino, ndipo mtsikana wa pakati poyamba, wodzala ndi mantha amene sangawatchule kwa mwamuna wake, amapeza chitonthozo chachikulu kwa mayi amene anapyola m'zimenezo kasanu. (Tito 2:3-5) Sifra ndi Puwa, azamba achihebri amene anakana lamulo la Farao la kupha ana aamuna, anadalitsidwa chifukwa chakuti kuopa kwawo Mulungu kunawachititsa kuika moyo patsogolo. (Eksodo 1:15-21) Mayi wachikulire mumpingo amatsanzira akazi amenewo pamene, pakati pa achibale onena kuti adikire pang'ono, iye alimba mtima nanena kuti apite tsopano.

Mpingo uyeneranso kukumbukira awo amene alibe wowalinganizira zimenezi: mkazi amene mwamuna wake anamwalira iye ali ndi pakati, wosiyidwa, kapena mlendo m'tauni amene amake ali kudziko lina. Yakobo wophunzirayo anafunsa za phindu la kufunira mbale mafuno abwino popanda kumpatsa zosoŵa za thupi. (Yakobo 2:15, 16) Kupemphera ndi mlongo wotero nkoyenera, ndipo kumachepetsadi nkhaŵa yake. Koma pambuyo pa pempherolo wina ayenera kufunsa amene adzatsala ndi ana enawo, amene adzamdikirira kuchipatala ndi kumphikira phala, ndi khomo limene angagogode ngati matenda ayamba pakati pa usiku.