Tsache Lathu Limathera Pageti

Amayi anga ankadzuka kusanache, tsache lili m'manja. Dzuwa likamatuluka, bwalo linali litasesedwa mpaka kunjira, mizere ya tsache ikuoneka padothi ngati tsitsi lopesa. Zinyalala zinkapita kudzala, kuseri kwa nyumba, ndipo dzala likadzaza ankalikwirira n'kubzalapo nthochi. Mwana akataya khoko la nzimbe pakhomo pa eni, wamkulu aliyense wodutsa ankamubweza kuti akatole, makolo ake n'kuthokoza kuti mwawalangira mwana.

Sabata yatha ndinakwera minibasi. Pambali panga panakhala mayi wovala bwino, mwana ali pamiyendo. Atatha kudya tchipisi anatsegula zenera, jumbo panja, botolo panja. Mwanayo naye anaponya kapepala ka switi. Ndinati, "Mayi, bwanji osasunga mukataye kunyumba?" Anandiyang'ana modabwa. "Bambo, a khonsolo alipo. Ife tikapanda kutaya, iwo azigwira ntchito yanji?" Minibasi yonse inaseka. Kuseka kumeneko kukundiwawabe mpaka lero, chifukwa mwa anthu onse aja panalibe ndi mmodzi yemwe amene anachita manyazi.

A khonsolowo nawo atigwiritsa mwala. Wogulitsa tomato mumsika amadula chiphaso tsiku ndi tsiku, eni nyumba amalipira msonkho wa mzinda, koma bini lapamsika limadzaza mpaka kusefukira, n'kukhala masabata galimoto osabwera. Ukafunsa umamva kuti galimoto yawonongeka, mwina kuti mafuta palibe. Galimoto zochepa zomwe zikuyenda zimazungulira kumayadi ndi pakati pa tawuni, pomwe ku Ndirande, ku Bangwe, ku Mtandire, ku Chinsapo, kumene anthu apanikizana, njira zake n'zoti galimoto singalowe. Zimene zatoledwazo zimakangounjikidwa kumtaya, ku Mzedi mu Blantyre ndi ku Area 38 mu Lilongwe, kumene utsi ndi ntchentche zimasautsa oyandikana nako, ndipo ana amafukula mulu kufuna mabotolo ogulitsa.

Malamulo si kuti tilibe. Mu 2015 boma linaletsa mapulasitiki opyapyala. Makampani anathamangira kukhoti, nkhani inakoka zaka, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la apilo linagamula kuti chiletsocho chikhalepo. Koma tapitani pa mlatho wa Mudi kapena wa mtsinje wa Lilongwe madzi akaphwera, mukaone majumbo ali lendelende m'mabango ngati zovala zoyanika. Mu Novembala 2020 Pulezidenti Lazarus Chakwera anakhazikitsa tsiku losesa, Lachisanu lachiwiri la mwezi uliwonse. Akuluakulu anagwira matsache, anajambulitsa, ife tinaombera m'manja. Patapita miyezi, matsache aja anabwerera kukhonde.

Chomwe chimandiliza kwambiri chimachitika usiku. Kumdima kumatuluka anyamata a mawilibala, atalipidwa kangachepe ndi anthu a m'mipanda, kukakhuthula matumba m'ngalande ndi m'mphepete mwa mtsinje. Wina amabwera pagalimoto yabwino, kuzimitsa nyali, kutsitsa masaka, n'kuliyatsa liwiro. M'mawa agalu ang'amba matumba aja, matewera a ana ali mbwee panjira yomwe ana asukulu amadutsa opanda nsapato. Mwini zinyalalazo pakhomo pake m'poyera, maluwa othirira, kapinga wometa bwino. Lamlungu amakhala kutsogolo kutchalitchi. Kwa iye ukhondo umathera pageti, ndipo wokhala kumunsi kwa mtsinje, amene amachapa ndi kutsuka mbale m'madzi omwewo, samuwerengera ngati munthu. Chikwangwani cha khonsolo choletsa kutaya zinyalala chimaima pamalo pomwe amatayapo, mulu utachifika m'khosi. Ine sindinaonepo munthu atagwidwa.

Mvula ikakuona litsiro siikata. Ngalande zikatsekeka madzi amalowa m'nyumba za osauka, atasakanizika ndi za m'zimbudzi. Kolera wa 2022 ndi 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa. Tinaika abale athu mwachangu, atakulungidwa m'mapulasitiki, osawasambitsa, osagona pamaliro. Ndinkaganiza kuti pamenepo ndiye tiphunzira.

Chaka chatha amayi anabwera kuno kutawuni kudzaonana ndi adokotala. M'mawa mwake ndinamva kuswaya kwa tsache. Nditasuzumira ndinawapeza atuluka geti, awerama ndi msana wawo wopwetekawo, akusesa msewu. Anasesa mpaka pamulu wa pangodya, n'kuima akuuyang'ana. Oyandikana nafe anali m'makonde mwawo, akuonerera. Atabwerera anandifunsa motsitsa mawu, "Mwanawe, kodi kuno kulibe eni ake?"

Ndinawalandira tsache lija, osayankha.