Kodi Nthabwala Ili ndi Malire?

Usiku wa pa 27 Malichi 2022, akatswiri a mafilimu adasonkhana m'nyumba ya Dolby Theatre mumzinda wa Los Angeles ku America pamwambo wopereka mphoto za Oscar. Wanthabwala wotchuka, Chris Rock, adakwera pansanja kukapereka imodzi mwa mphotozo, ndipo monga mwa chizolowezi cha usiku wotere, adayamba waseketsa anthu. Ataona Mayi Jada Pinkett Smith ali chikhalire kutsogolo atameta mpala, adawafanizira ndi msilikali wamkazi wa m'filimu ya G.I. Jane ya mu 1997, amenenso adali wometa mpala. Anthu adaseka. Mwamuna wa mayiwo, Will Smith, nayenso adaseka poyamba. Mayiwo okha ndiwo sadaseke, pakuti adameta chifukwa cha nthenda yothothola tsitsi yotchedwa alopecia, imene adaiulula poyera mu 2018. Posakhalitsa Smith adanyamuka, nakwera pansanjapo, namuwomba Rock mbama dziko lonse likupenya.

Za mbamayo sitichedwapo. Munthu amene wayankha mawu ndi dzanja walakwa, ndipo Smith mwini wake adavomereza napepesa. Bungwe lopereka mphotozi lidamuletsa kufika pamiyambo yake kwa zaka 10. Funso lovuta lili pa mawu amene adabala mbamayo. Kodi munthu akanena kuti "ndimangoseka", mlandu watha?

Tisafulumire kumuweruza wanthabwala, chifukwa ntchito yake ndi yofunika. Makolo adati wamisala adaona nkhondo, kutanthauza kuti choonadi nthawi zina chimatulukira m'kamwa mwa munthu amene anthu samuyesa kanthu. Wanthabwala amavala misala yadala kuti anene zimene anthu aulemu wawo akuopa kunena. Pamwambo wa mphoto pamadzala anthu olemera ndi otamandidwa, amene chaka chonse amangomva mawu owakweza. N'chifukwa chake okonza miyamboyi amaitana munthu woti awathireko madzi ozizira. Ricky Gervais wa ku Britain adatsogolera mwambo wa mphoto za Golden Globe kasanu, pakati pa 2010 ndi 2020, ndipo ulendo uliwonse adanyogodola akatswiriwo pamaso pawo. Akadakhala kuti wanthabwala saloledwa kukhumudwitsa munthu aliyense, anthu amphamvu ndiwo akadayamba kupindula.

Komabe chilolezo chimenechi chili ndi maziko ake, ndipo kwathu kuno timawadziwa bwino. Msuweni amakunena mawu amene akadanena mlendo akadafika nawo pabwalo la mfumu. Adzukulu pamaliro amachita nthabwala pamene mudzi wonse uli m'misozi, koma palibe wowadzudzula. Chimene chimachititsa kuti mawu otere asapweteke n'chakuti ndi obwezerana. Amene wakuseka lero udzamuseka mawa. Amene akuseketsa pamaliro a kwanu, tsiku lina iwe udzakakumba manda kwawo. Nthabwala yabwino imamusiyira wosekedwayo mpata woyankha.

Tsono tiyeni tibwerere ku Los Angeles. Rock adali pansanja, chokuzira mawu chili patsogolo pake. Mayi Pinkett Smith adali pampando, makamera atawaloza kumaso, opanda njira yobwezera. Ndiponso chimene adasekedwa nacho sichidali ntchito yawo kapena kunyada kwawo, zinthu zimene munthu angathe kuzisintha, koma thupi lawo lodwala. Katswiri amene wachita filimu yosakoma n'kusekedwa angathe kudzachita yabwino chaka chamawa. Koma wodwala adzachitenji kuti asasekedwenso? Chodabwitsa n'chakuti Rock yemweyo ndiye adakonza filimu yotchedwa Good Hair mu 2009, yofotokoza mavuto ndi ndalama zimene amayi achikuda a ku America amataya chifukwa cha tsitsi. Kulemera kwa nkhani ya tsitsi kwa mayi wachikuda adakudziwa kuposa anthu ambiri amene adali m'nyumbamo.

Zitachitika izi, kukhumba masiku akale kudakula. Anthu achikulire a ku America amakonda kutchula Johnny Carson, amene adatsogolera pulogalamu ya pawailesi ya kanema ya The Tonight Show kuyambira mu 1962 mpaka mu 1992, natsogoleranso mwambo wa Oscar kasanu. Mabanja ambiri ankagona atamuonera iye. Kuyamikira kwawoko kuli ndi chifukwa. M'zaka 30 zimenezo dzikolo lidalamulidwa ndi apulezidenti asanu ndi awiri, kuyambira John F. Kennedy mpaka George Bush wamkulu, ndipo andale a zipani zonse ankalawa lilime la Carson. Luso lake lalikulu lidali lodziseka yekha. Nthabwala ikakanika kuseketsa, iye ankasandutsa kulepherako kukhala nthabwala ina. Ngakhale za maukwati ake otha, pakuti adakwatira kanayi, ankazitchula yekha anthu n'kumafa nalo phwete. Munthu wotere savuta kumukhululukira, chifukwa ndodo imene akukwapulira ena wayamba wailawa yekha.

Koma tisanyengedwe ndi kukoma kwa zakale. Mtima umasunga zimene zidatiseketsa ndi kutaya nkhope za amene adasekedwa. M'masiku amenewo makampani akuluakulu a wailesi ya kanema ku America adali atatu okha kwa nthawi yaitali, ndipo munthu wamba wonyozedwa chifukwa cha mtundu, kunenepa kapena chilema adalibe poyankhira. Ankazimitsa kanema wake n'kukagona ndi chilonda chake. Lero munthu yemweyo amatenga foni n'kulemba dandaulo lake pa intaneti, dziko n'kumva. Anthu akamadandaula kuti masiku ano munthu sangachitenso nthabwala momasuka, kawirikawiri chimene chasintha n'chakuti wosekedwa uja wapeza pakamwa. Mwina bata lakalelo lidali la anthu osowa ponenera.

Pali wina amene sitidamutchule pamlanduwu, ndipo ineyo ndimaona kuti ndiye amazemba kawirikawiri: khamu la oseka. Wanthabwala ndi wamalonda. Amabwera ndi katundu amene akudziwa kuti agulidwa. Nthabwala yonyoza wodwala ikadamalandiridwa ndi chete, ikadatha yokha popanda lamulo kapena mbama. Ife amene timaseka ndife timaipatsa moyo, kaya ndi m'nyumba ya mphoto, kaya ndi m'kalasi pamene mnzathu wachibwibwi waimirira kuti awerenge. Pamenepo aliyense amadzitonthoza kuti sadanene kanthu, adangoseka. Chonsecho mnzathuyo akadzakumbukira tsikulo, mawu enieniwo adzakhala atawaiwala. Chimene chidzatsale m'makutu mwake ndi phokoso la kalasi yonse.

Khamu la ku Dolby Theatre lidadzionetsa kawiri usiku umodzi. Lidaseka pamene mayi wodwala ankanenedwa. Ola lisanathe chichitikire mbama ija, dzina la Will Smith lidaitanidwa kuti wapambana mphoto ya mwamuna wochita bwino kwambiri, chifukwa cha filimu ya King Richard, ndipo ambiri mwa anthu omwewo adaimirira namuwombera m'manja. Rock adasunga yankho lake kwa pafupifupi chaka chathunthu, ndipo mu Malichi 2023 adalipereka pachionetsero chake cha pa Netflix, pomwe adamunena Smith ndi mkazi wake yemwe. Kumenekonso anthu adadzaza nyumba, atalipira pakhomo, ndipo adaseka.