Kodi Wokaniza Mlendo Pakhomo Afunsidwa ndi Yani?

Anthu a ku Vubwi akhala pafupi ndi malire a maiko atatu, Zambia, Malawi ndi Mozambique. Kumeneko munthu akhoza kukhala ndi amalume ku Mchinji ndi azakhali ku Tete, ndipo onsewo akomana ku Mkaika, m'boma la Katete, pa mwambo wa Kulamba. Koma Boma lifuna ziphaso, ndipo liri nayo mphamvu yakukaniza munthu kulowa m'dziko, kapena yakumpitikitsa atalowa kale. Apa pabuka funso lolemera: mkulu wa Boma akakaniza mlendo, kodi alipo wina woyenera kumfunsa cifukwa cace?

Ena ati iai. Mwini nyumba ndiye adziwa womtsegulira citseko, ndipo dziko lopanda mlonda lisanduka msipu wa akuba ng'ombe. Mau awa ali ndi coonadi cace. Koma mlonda sali mwini nyumba. Iye ali wanchito wa malamulo, ndipo wanchito ali yense akhoza kulakwa, kapena kukantha mdani wace ndi ndodo ya Boma.

M'caka ca 1994 Boma la Zambia linapitikitsira ku Malawi amuna awiri a cipani ca UNIP, William Banda ndi John Chinula, ponena kuti sanali mbadwa. Banda anayamba wadandaula m'makhoti, koma Chinula anacotsedwa asanaime pamaso pa woweruza, ndipo anafera ku Malawi komweko. M'caka ca 1999 bungwe la Afrika loona za ufulu wa anthu linapeza kuti Boma linawalakwira. Ciweruzo cinafika, koma mmodzi anali atagona kale m'manda.

Mlandu wa Roy Clarke unayenda njira yina. Iye ndi Mngerezi wokhala m'Zambia zaka zambiri, amene analemba m'nyuzi ya The Post nthano yofanizira olamulira ndi nyama za ku Mfuwe. Mu Januwale 2004 nduna yoona za m'dziko inalamula kuti acoke. Clarke anathawira ku Khoti Lalikulu, limene linafafaniza lamulolo. Ndipo m'caka ca 2008 Khoti Lalikulu Koposa linabvomereza kuti akhale, pakuona kuti cilangoco cinakula kupambana colakwa.

Nchito ya woweruza pa mirandu yotere iri ndi malire ace. Iye sapereka ciphaso, ndiponso sanena kuti mlendoyo ndi munthu wabwino. Afunsa zitatu zokha: kodi malamulo anampatsa mkuluyo mphamvu imeneyi, kodi anatsata njira yolungama, kodi cimene anatsimikiza ndi canzeru? Cikasoweka cimodzi, lamulo la mkuluyo ligwa. Zikapezeka zonse, mlendo abwerera kwao, ndipo palibe cosalungama.

Mkristu sadabwa ndi makonzedwe awa. Mulungu, wodziwa zonse, anayamba wafunsa Adamu asanamturutse m'munda wa Edene. Ngati Iye amene salakwa analola wocimwa kuyankha, koposa kotani munthu wa fumbi, amene maso ace saona mtima? Ndiponso makolo sanagamule mlandu pabwalo mwini mlandu ali kudambo.

Cifukwa cace kufunsa mkulu wa Boma sikumnyoza ai. Mkulu wolungama sataya kanthu pakuonetsa zifukwa zace poyera. Ndipo cimene ciyenera Boma ciyeneranso nyakwawa ndi akulu a mpingo, pamene munthu wa kutsidya kwa malire apempha malo akulima kapena mpando m'kacisi. Kumkaniza nkololedwa, koma ayambe amumva, namuuze cifukwa, namsonyeze kumene angakadandaule. Pakuti anthu a m'malire adziwa bwino kuti mwini mudzi wa lero akangooloka mtsinje, mawa ali mlendo.