Mayi wa Mfumu Akakhala Wobwera

Otsutsana pano ndi anthu a mbumba imodzi ku Thyolo: bambo amene anapuma pa ntchito yaukapitawo m'minda ya tiyi, ndi mwana wamkazi wa mlongo wawo, mphunzitsi wa mbiri yakale kusekondale. Nkhani yawo ndi yakuti, kodi mayi wa mfumu amene anabadwira kwina ayenera kukhala ndi mawu pa ufumu wa eni dziko?

AMALUME: Ine ndikuti ayi. Mayi wotere mtima wake uli kwawo. Taona Angoni a Zwangendaba. Anawoloka Zambezi mu 1835 ali mtundu umodzi, koma mfumu itamwalira ku Ufipa, nyumba za akazi zinalimbirana mpando. Mpezeni, mwana wa Soseya, anakathera ku Chipata, M'mbelwa, mwana wa Munene, ku Mzimba. Mtundu unang'ambika chifukwa cha amayi.

MPHUNZITSI: Amalume, amene ananyamula mikondo ndi kugawana anthu anali amuna: abale a mfumu ndi nduna. Amayiwo munawaona pati akutsogolera nkhondo? Ndipo popeza mwayamba ndi anthu a kumwera, tiyeni ku Eswatini. Zwide, mfumu ya Andwandwe, anali mdani wa Sobhuza woyamba. Mwana wamkazi wa Zwideyo, Tsandzile, anakwatiwa ndi Sobhuza, nabereka Mswati wachiwiri. Bambo atamwalira mwana akadali wamng'ono, mwana wa mdani uja ndiye anathandiza kusunga mpando, ndipo dziko lija lero likudziwika ndi dzina la mwana wake. Mtima wake unali kuti pamenepo?

AMALUME: Mmodzi yekha ameneyo. Iwe wemwe unandisimbira za mayi wa ku Italy uja.

MPHUNZITSI: Catherine de' Medici, wobadwira ku Florence mu 1519, mayi wa mafumu atatu a ku France. Sindimuikira kumbuyo. Mu 1572 Apulotesitanti masauzande anaphedwa, kuyambira ku Paris, iye ali pakati pa aphungu a mwana wake. Koma amene anapha anansi awo m'misewu anali eni nthaka. Mlandu wake ndi wa zimene anachita, kubadwira ku Florence si mlandu.

AMALUME: Kwathu kuno zoterezi kulibe. Ife Alhomwe ndi Amang'anja mayi ndiye mwini mudzi, wobwera ndi mkamwini. Ufumu umadzera kwa mlongo. Makolo anadziwa kuti mlendo ndi mame.

MPHUNZITSI: Mame sasiya ana, amalume. Mwaiwala Nyangu? Mbiri ya makolo imati Aphiri anachokera ku Uluwa, m'dziko la Congo, napeza Abanda atakhazikika kale. Nyangu, mayi wa mfumu Kalonga, anali wobwera weniweni, komabe munthu sankakhala Kalonga popanda kutuluka m'mimba ya nyumba yake. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti obwerawo sanalande zonse. Mkazi wa Kalonga, Mwali, ankachokera kwa Abanda, ndipo za mvula zinakhalabe m'manja mwa eni nthaka, monga Makewana ku Msinja. Mayi wobwera anali ndi mphamvu, koma moyang'anizana naye panali mkazi wa eni dziko. Ufumu wa Maravi, umene unabala Lundu wathu wa kuchigwa kwa Shire, unaima chotero.

AMALUME: Wandipatsa wekha ndodo yokukwapulira. Undi, wa banja la Kalonga, atakangana ndi abale ake kulikulu ku Mankhamba, anachoka ndi ndani?

MPHUNZITSI: Ndi Nyangu.

AMALUME: Eya! Anapita naye ku Mano, ku Mozambique, ndipo likulu la Kalonga linatsala lopanda nyumba yobereka mafumu. Lero Achewa a m'mayiko atatu amapita ku Mkaika, ku Katete, kukapereka ulemu kwa Gawa Undi. Mayi mmodzi kusamuka, ufumu wonse n'kumutsatira. Mphamvu yotere ndi imene ndikuiopa. Mfumu ikalakwa timaidzudzula pabwalo. Mayi wake amalankhula kuseri, usiku, ndipo palibe amene angamuitane kuti adzayankhe.

Apa amalume anagunda penipeni, ndipo ine wolemba ndikuvomerezana nawo: mphamvu yosayankha kwa aliyense ndi yoopsa. Koma dandaulo lawo linali litasintha. Sankanenanso za kumene mayi anabadwira.

MPHUNZITSI: Ngati vuto ndi kuseri, mayi wobadwira m'mudzi momwemo naye amalankhula kuseri. N'chifukwa chake Aswazi mayi wa mfumu, Indlovukati, anamupatsa mudzi wake, nduna zake ndi udindo wodziwika, kuti mawu ake amveke poyera. Ndipo amalume, mawu akuti wobwera asamatuluke msanga pakamwa pathu. Agogo athu anachoka ku Mozambique pothawa nkhanza za Apwitikizi, nadzagwira thangata m'minda ya azungu muno m'Thyolo ndi ku Mulanje, akutchedwa mayina onyoza. Amayi amene anawoloka malire aja ndiwo anabereka mafumu a midzi yathuyi. Nawonso akanakhala chete?

AMALUME: Amenewo anadza ndi mbumba zawo, anadula okha tchire. Sanapeze mpando wa wina.

MPHUNZITSI: Malo anawapempha kwa mafumu a Amang'anja ndi kwa eni esiteti.

AMALUME: Kupempha malo n'kwina, kusankhira anthu mfumu n'kwina. Abwere, abereke, alangize mwana wake. Koma tsiku lolonga ufumu, mbumba ya eni mpando ikhale yokha m'nyumba.

MPHUNZITSI: Ndiye mukatulutse mayi amene analera mfumuyo, amalume, mukamuuze nokha. Ine sindikakuperekezani.