Kodi Omar ibn Said ndi wa ndani?



Mu 2019, Library of Congress ya ku America inaika pa intaneti kabuku ka masamba 15 kolembedwa pamanja m'Chiarabu. Anakalemba mu 1831 ndi Omar ibn Said, wa ku Futa Toro m'mbali mwa mtsinje wa Senegal. Anaphunzira dini zaka 25, kenako anagwidwa pankhondo n'kukagulitsidwa ku Charleston mu 1807. Atathawa anam'gwira ku Fayetteville, ndipo akuti ali m'ndende ankalemba Chiarabu pakhoma. Anamwalira ali nkhalamba, akadali kapolo.

Kale kuti uone kabukuka unkafunika ndalama ya ndege. Pano mphunzitsi wa pa yunivesite amangopereka linki, wophunzira n'kuona dzanja la Omar pafoni, bola bandulo ikhalepo. Ndi chinthu chabwino ndithu, chifukwa mbiri ya ukapolo inalembedwa kwambiri ndi ogula ndi ogulitsa, ngati kuti ogulitsidwawo analibe sukulu kwawo.

Koma tikam'peza munthu woiwalika, timatani naye?

Omar anayamba kabuku kake ndi Surah Al-Mulk, yomwe ambiri timaiwerenga usiku, yonena kuti ufumu wonse ndi wa Allah. Tangoganizani, munthu amene wina akumutcha katundu wake n'kuyamba ndi surah imeneyo! Mtima umagunda, chala chimathamangira kukasheya. Komatu m'kabuku komweko akuyamikira mbuye wake James Owen, ndipo akulankhula za Chikhristu. Anabatizidwa, ankapita ku tchalitchi cha Presbyterian. Akhristu a nthawi imeneyo ankam'onetsa ngati umboni wa Msilamu wotembenuka. Ife lero tikufuna kum'onetsa ngati Msilamu amene anabisa imani yake mpaka imfa. Mwina tikulondola. Koma tikadula masamba otisowetsa mtendere n'kusunga otikomera, tasiyana pati ndi iwo aja? Tonse tikum'gwiritsa ntchito munthu amene moyo wake wonse anthu ankangom'gwiritsa ntchito.

Ine ndikuona kuti mphunzitsi wabwino amawerengetsa masamba onse 15, n'kufunsa ophunzira: anam'pempha kulemba ndani? Akanalemba zoipa za Owen akanagona kuti usiku umenewo? Kapolo amalemba mbuye wake ali pambali. Zimenezo tingazikambirane mpaka kuche. Za mumtima mwake akudziwa ndi Allah.

Pali china chowawa kuposa apa, ndipo chili kwathu konkuno. Intaneti yomweyo ili ndi makalata ndi zolemba za David Livingstone pa Livingstone Online, munthu amene anaona malonda a akapolo m'mbali mwa nyanja yathu. Jumbe Salim bin Abdallah, amene anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840, timam'tchula tikamakamba za kufika kwa Chisilamu. Yemweyonso ankaolotsa anthu pa nyanja kupita nawo ku Kilwa. Mlozi wa ku Karonga, amene ananyongedwa mu 1895, analinso m'malonda omwewo. N'zoona kuti azungu olembawo anali ndi zolinga zawo, ndipo wophunzira aziwawerenga ndi diso lofunsa. Koma kukayikira mboni sikufufuta mlandu. Tikalirira Omar n'kulumpha Jumbe, ndiye kuti tikubisa mbiri ifenso, eti?

Ndipo Omar anali ndi mwayi umodzi: ankadziwa kulemba. Mayi amene anakwezedwa m'chombo pa Nkhotakota sanasiye tsamba loti makina alijambule. Ngati dzina lake likadalipo, lili m'kamwa mwa agogo ena kumudzi. Ophunzira amene akufunadi anthu oiwalika afunika kutseka laputopu nthawi zina, n'kukakhala pamphasa ndi achikulire, n'kufunsanso mashehe ngati m'mabokosi mwawo mulibe makalata akale a zilembo za Chiarabu amene chiswe sichinadye. Endangered Archives Programme ya British Library, yomwe inayamba mu 2004, imapereka ndalama zojambulira zolemba zotere, ndipo mapepala enieniwo sachoka m'dziko la eni ake.