Chikande cha M'dambo ndi Lamulo la Mose

Mvula ikakhazikika, m'madambo a dziko lino mumaphuka timaluwa tokongola ta chikande, chimene ena amachitcha chinaka. Amayi amakumba timbatata take, nasinja, naphika ndi nsinjiro ndi chidulo, kufikira chitalimba ngati nyama. Ndi ndiwo yabwino, ndipo kuidya si tchimo ai.

Koma Akhristu a ku Santhe ayenera kudziwa kuti chomera chimenechi chili kutha. Kale anthu ankakumba chodya pakhomo pokha. Lero chasanduka malonda, makamaka m'misika ya ku Zambia, kotero kuti okumba afika mpaka ku mapiri a ku Tanzania. Kumeneko boma lidakhazikitsa nkhalango ya Kitulo m'chaka cha 2005 kuti liteteze maluwa ake. Kuno ku Malawi, phiri la Nyika lili ndi mitundu yoposa 200 ya banja la chikande.

Chikande sichidzalidwa ngati fodya pa nazale. Njere zake nzazing'ono ngati fumbi, ndipo sizimera popanda tizamoyo tina ta m'nthaka tofanana ndi nkhungu. Kambatata katsopano ndiko kamasunga moyo wa chomeracho m'chilimwe. Wokumba akazula zonse, dambolo limakhala lopanda mbeu.

M'buku la Deuteronomo, mutu 22, Mose adalamula Aisraele kuti munthu akapeza chisa, angathe kutenga ana a mbalame, koma make amsiye apite. Mulungu adalola munthu kudya, koma adamletsa kupha gwero la chakudyacho. Lamulo lomweli likhudza khasu la m'dambo, ndiponso nkhwangwa yodula mitengo ya zigafa za fodya. Papa Francis, m'kalata yake ya Laudato Si' ya m'chaka cha 2015, adaphunzitsa kuti cholengedwa chilichonse chimalemekeza Mlengi, ndipo kuti munthu alibe ufulu wochifafaniza.

Mai wamasiye wokumba chikande kuti adyetse ana asaweruzidwe msanga, pakuti njala ndiyo imamtuma. Koma wolemera wogula matumbamatumba osalabadira za mawa adzifunse mumtima asanapite kukalapa.

Tsono aphunzitsi a katekisimu alangize anthu m'miphakati kuti pokumba azisiyako zomera zina, asakumbe malo amodzi chaka ndi chaka, ndipo adikire kuti maluwa ayambe amwaza njere. Mkhristu wosiyira adzukulu ake mbeu m'dambo wasunga lamulo la chikondi, ndipo Mulungu, amene amaveka maluwa a kuthengo, sadzamuiwala.