Chakuda chikabwerera m'mizere

Tailosi lenilenilo silivuta kutsuka. Pamwamba pake anapawotcha pamoto mpaka kutsekeka, madzi amangotsetserekapo. Chimene chimada ndi kamzere ka simenti kamene kali pakati pa tailosi ndi linzake, kamene amisiri amati grout. Simenti imeneyi ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso. Imamwa madzi, thovu la sopo ndi mafuta a m'thupi, ndipo nkhungu ikapeza chinyezi ndi chakudya chotere imakhazikika.

Izi ndinaziphunzira m'makampu a alendo ku South Luangwa, kumene ndinali wokonza zipinda. Kuyambira pamene Norman Carr anamvana ndi Mfumu Nsefu mu 1950 kuti alendo azibwera kudzaona nyama, ana a Akunda ochokera kwa Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Msoro ndi kwathu kuno kwa Malama akhala akupeza mchere ndi sopo pa ntchito zoterezi. Makampu ambiri amatseka mvula ikayamba. Tikabwerera dzinja litatha, bafa limene tinalisiya likuwala tinkalipeza mizere yonse ili bii, ngakhale kuti simunasambe munthu. Nditapuma ntchito ndinagula matailosi ku Chipata n'kumanga kabafa kanga kuseri kwa nyumba, pamene kale panali ka udzu. Madzi a pa mjigo wathu akauma amasiya zoyera zolimba pakhoma, choncho adani ndili nawo awiri: laimu wa m'madzi ndi nkhungu.

Kutsuka kwake kumafuna maondo. Ndimasakaniza soda ndi madzi pang'ono kuti ikhale phala, ndimapaka m'mizere ndi chala, ndimadikira pang'ono, kenaka ndimatenga mswachi wakale n'kumakwecha mzere umodziumodzi kuchokera pamwamba kutsika pansi. Thovu limayamba loyera, kenaka limasanduka lotuwa. Pamakona pansi, pamene madzi amachedwa kuuma, mpamene pali nkhondo yeniyeni. Apo ndimathira Jik wosungunula ndi madzi. Viniga amachotsa laimu, koma musamusakanize ndi Jik ngakhale tsiku limodzi, chifukwa pamatuluka mpweya wa klorini umene umawotcha mapapo. Ndipo chachikulu kuposa mankhwala onse ndi kupukuta khoma mukatha kusamba ndi kusiya chitseko chotsegula. Mu Okutobala, pamene kutentha kuno kumapitirira madigiri 40, bafa limauma lokha. Mu Januwale ndi Febuluwale mungapukute bwanji, kakuda kamabwerera ndithu.

Kubwerera kumeneku ndiko kunatiyambanitsa ndi alamu anga, mkulu wa mpingo mnzanga. Tinali ndi nkhani ya bambo wina amene analapa kachasu pamaso pa mpingo, nakhala bwino miyezi ingapo, n'kugwanso. Alamu anandipeza ndili chogwada m'bafa, ndipo anaima pakhomo n'kunena kuti, "Alamu, inu mumadziwa za kutsuka. Chinthu chikatsukidwa bwino sichibwerera. Uja sanalape, anatinamiza." Kwa iwo Mulungu akayeretsa munthu amayeretsa kamodzi, ndipo tchimo likabwerera ndi umboni woti kuyeretsako kunalibe.

Sindikuwapeputsa alamu anga, chifukwa Baibulo lili ndi mutu umene ukuoneka kuti uli kumbali yawo. Levitiko 14 imakamba za nyumba imene makoma ake agwidwa mawanga obiriwira kapena ofiira. Mwini wake amakauza wansembe, wansembe amayang'ana n'kutseka nyumbayo masiku 7. Mawangawo akafalikira, amagumula miyala yogwidwayo n'kukaitaya kunja kwa mudzi, amapala makoma, amaika miyala ina n'kumatanso. Zikabwereranso pambuyo pa zonsezi, nyumba yonse imagwetsedwa. Apa sindingazembe: lamulolo limadziwa kuti pali kubwerera kumene mapeto ake ndi kugumula.

Koma taonani kuchedwa kwake. Wansembe asanalowe, amalamula kuti katundu atulutsidwe kuti mwini nyumba asataye zonse. Sagamula pa ulendo woyamba. Amachotsa miyala yodwala yokha, yabwino amaisiya. Ndipo mutu wonsewo sufunsa mwini nyumba kuti wachimwa chiyani. Ine amene ndakhala ndikugwira mswachi ndimaona m'menemo munthu wodziwa makoma, amene amasiyanitsa zinthu ziwiri zofanana maonekedwe.

Pali chakuda cha pamwamba, chobwera chifukwa bafa limasambidwa ndipo dzinja ndi lachinyezi. Chimenechi chidzabwera chaka ndi chaka ngakhale m'nyumba ya munthu waukhondo kwambiri, ndipo kubwera kwake sikutanthauza kuti kutsuka kwa sabata yatha kunali kwabodza. Kunali koona, ndipo kukanapanda kuchitika lero mzere ukanakhala utafumbwa. Pali chinanso, pamene grout yang'ambika madzi n'kulowa kuseri kwa matailosi. Apo mswachi sungathandize. Mukagogoda ndi chala tailosi limalira phwaphwa, kusonyeza kuti kumbuyo kwachoka, ndipo muyenera kulizula, kuumitsa khoma, n'kumata mwatsopano. Cholakwa chimene ndimachiona m'mipingo yathu n'chakuti tikaona chakuda timathamangira nyundo tisanagogode.

Ndinaonapo mnyamata wina pa ntchito akutsuka ndi asidi wamphamvu kuti amalize msanga. Mizere inayera mbee nthawi yomweyo, aliyense anayamikira. Koma asidi amadya simenti. Timabowo tija tinakula, mzere unayamba kuyoyoka ngati mchenga, ndipo dzinja lotsatira nkhungu inalowa mozama kuposa kale. Ndikaona munthu ataimiritsidwa kutsogolo kwa mpingo, tchimo lake likuwerengedwa pamaso pa ana ake, ndimakumbukira mzere umenewo. Mpingo umaoneka woyera Lamulungu limenelo. Munthuyo amatuluka atafooka, ndipo malo okhawo amene amamulandira popanda kumufunsa ndi kumene kuja amatcheza kachasu.

N'chifukwa chiyani timafuna kwambiri kuyera kwa kamodzi? Ndikuganiza kuti n'kutopa, ndipo kutopako n'komveka. Amayi anga ankazira nyumba ndi dothi mobwerezabwereza moyo wawo wonse, ndipo bafa la udzu linkamangidwa mwatsopano chiswe chikalimaliza. Pamene tinagula simenti ndi matailosi tinkagulanso chiyembekezo choti ntchito yobwereza yatha. Chiyembekezo chomwecho timapita nacho kwa Mulungu: atisanjike manja kamodzi, tipume. Koma pa Yohane 13, usiku umene Yesu anasambitsa mapazi a ophunzira ake, anamuuza Petro za kusiyana kwa kusamba thupi lonse ndi kutsuka mapazi. Kusamba kwakukulu kulipo ndipo n'koona. Mapazi amadabe chifukwa munthu akuyenda, ndipo kuno kwa Malama, kumene makande amamata mpaka m'akakolo nthawi ya mvula, palibe amene amati munthu sanasambe chifukwa wafika ndi matope. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti amene anagwada ndi beseni anali Ambuye mwini. Ntchito yobwereza, yotsika, imene mawa iyenera kuchitikanso, sanaiyese yonyozeka.

Sindikunena kuti kugwa kulikonse n'kwapamwamba. Mwamuna amene amamenya mkazi wake, n'kulira m'tchalitchi, n'kukamumenyanso, madzi alowa kuseri kwa khoma. Mayiyo ndi ana ayenera kutulutsidwa kaye pangozi, ndipo mfumu ndi apolisi ali ndi gawo lawo. Kumupempherera kokha n'kumubweza kunyumba ndi kukwecha pamwamba pa tailosi lozuka. Pamenepo alamu anga ndimagwirizana nawo kotheratu.

Pa nkhani ya bambo uja, pabwalo la akulu ndinapempha kuti tigogode kaye. Tinapita kwawo awiri, tinakhala pansi pa mtengo wa msikizi, tinamufunsa kuti amagwa liti. Tinapeza kuti ndi pamene njovu zamudyera chimanga, komanso pamene wagulitsa thonje ndalama zili m'thumba. Mkazi wake anati sanamuikepo dzanja, ndipo akaledzera amangobisala ndi manyazi. Akulu anagwirizana kuti asadulidwe. Ndalama za thonje azikalandira limodzi ndi mayi a kunyumba, ndipo nyengo ya kulondera minda, pamene njovu zimawoloka Luangwa usiku, pa nsanja pake pazigona mmodzi wa ife mosinthana. Alamu anga sanasinthe maganizo awo pa za kulapa, koma sabata yoyamba ndi iwo amene anapempha kukagona pa nsanjapo.